MAGALIMOTO OBVALA NSALU: KUSANKHA COBVALA CATSOPANO SI NCHITO YAPAFUPI

Munthu amene anazolowera kuona magalimoto a zitsulo okha-okha pa mseu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata angatsutse atauzidwa kuti inalipo nthawi imene magalimoto anali kubvekedwa nsalu kunja konse, kuyambira pa denga mpaka pa zitseko. Koma izi zinacitikadi ku France, ku England ndi ku America m'zaka za pakati pa 1921 ndi 1932, ndipo ena mwa magalimoto amenewo akali kuyenda mpaka lero. Eni ace awasunga monga cuma ca mtengo wapatali. Cimene ciwasowetsa tulo ndi cakuti nsalu ikutha msanga kuposa citsulo, ndipo ikatha, mwini galimoto ayenera kusankha ina yobveka m'malo mwace.

Kusankhaku kuoneka kwapafupi, monga kupita ku sitolo kukagula citenje. Si tero ai. Pa galimoto wamba nsalu ikhala pa mipando cabe, ndipo ngakhale ing'ambike galimoto ipitirira kuyenda. Pa magalimoto awa nsalu ndiyo khoma. Ndiyo ichinga mvula, fumbi ndi dzuwa kuti zisafike ku matabwa a m'kati. Ikasankhidwa molakwa kapena kubvekedwa mwacisawawa, madzi alowa mwakabisira, matabwa ayamba kuola, ndipo nchito ya miyezi yambiri ipita pacabe pamodzi ndi ndalama zimene zinaonongedwa. Kuonjezera apo, ogula magalimoto akale ali ndi maso akuthwa, ndipo galimoto yobvala nsalu yosayenera aitsitsa mtengo.

ANAYAMBITSA NDI MUNTHU WA NDEGE

Nzeru imeneyi inadza ndi Bambo Charles Terres Weymann, amene anabadwira ku Port-au-Prince m'dziko la Haiti m'caka ca 1889, nakhala mbali yaikulu ya moyo wao ku France. Asanayambe za magalimoto anali woyendetsa ndege wochuka, ndipo mu 1911 anapambana mpikisano wa ndege wa Gordon Bennett umene unacitikira ku Eastchurch m'dziko la England. Ndege za masiku amenewo zinali za timitengo topepuka, mawaya ndi nsalu yokungidwa pamwamba. A Weymann anazidziwa bwino ndege zotere, ndipo anaganiza kuti cimene cigwira nchito mumlengalenga cingathandizenso pa mseu.

Pa nthawiyo makampani ambiri opanga magalimoto a mtengo wapatali anali kugulitsa injini, mawilo ndi chassis, ndico citsulo ca pansi cimene cinyamula zonse. Thupi la galimoto, limene amakaniko alicha bodi, linali kupangidwa ndi amisiri ena, ambiri mwa iwo a m'mabanja amene kale anali kupanga ngolo zokokedwa ndi akavalo. Amisiriwa anali kulumikiza matabwa molimba kwambiri ndi kukhomerapo malata pamwamba. Koma chassis inali kupindika-pindika poyenda m'miseu ya maenje, pamene thupi louma gwa linali kukana kupindika nayo. Cotero matabwa anali kulira njira yonse, zitseko zinali kukana kutseka, ndipo utoto unali kusweka m'malumikizo.

A Weymann anapanga thupi lao loyamba ku Paris mu 1921. Anatenga mtengo wa ash, umene uli wopepuka koma wosathyoka msanga, naupala timatabwa tating'ono. Pamene matabwa awiri akumana sanawalumikize thabwa ku thabwa. Anasiya kampata pakati, nawagwirizanitsa ndi tizitsulo, ndipo pakati pa kacitsulo ndi thabwa anaikapo pepala kuti pasamveke kukhulana. M'kati mwa zitseko anakungamo mawaya kuti zisapotoke. Mipando anaimangirira ku chassis, kotero kuti kulemera kwa anthu okwera sikunali kupsinja cimango ca matabwa. Cimango cotere cinali kugwedezeka pamodzi ndi galimoto monga ucitira mtanga wa nsungwi, umene upindika ukapanikizidwa koma suthyoka.

Pa cimango cogwedezeka sipangakhomedwe malata ouma, ndico cifukwa cace anacibveka nsalu. Pa malo otakata anali kuyamba ndi waya wa maso ang'ono-ang'ono wonga wa khola la nkhuku, pamwamba pace nsalu yopyapyala, kenaka thonje locepa, ndipo potsiriza nsalu yokhuthala yooneka ngati cikopa. M'makona anali kuikamo timalata topinda kuti thupi lioneke lobulungira, ndipo misoko inali kubisidwa ndi timizere ta aluminiyamu.

Makampani oposa 100 anagula cilolezo copangira matupi mwa njira imeneyi. A Weymann anatsegula fakitale ku Putney mu London, imene inasamukira ku Addlestone mu 1928, ndi inanso ku Indianapolis m'dziko la America. Pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans mu 1928, galimoto ya Stutz imene a Weymann analowetsa inatsiriza yaciwiri, ndipo Bentley imene inapambana nayonso inali yobvala nsalu. Makampani a magalimoto ochipa anatengerako nzeruyi. Austin Seven ndi Riley Nine zinaturuka ndi matupi a nsalu, ndipo MG M-type ya mu 1929, imene poyamba inali kugulidwa pa mapaundi 175, inali ndi nsalu yoyalidwa pa matabwa opyapyala a pulaiwudi.

Mbiri ya matupi a nsalu siinakhalitse. Mu 1924 kampani ya Citroën inayamba kugulitsa magalimoto a thupi la citsulo lokha-lokha, ndipo m'zaka zomwezo kunabwera utoto wopopera umene uuma msanga ndi kunyezimira ngati galasi. Anthu anakonda kunyezimirako. Nsalu inaoneka yozimirira ikaima pafupi ndi galimoto yotere, ndipo eni ace anali atayamba kale kudandaula kuti ing'aluka pakapita zaka zocepa. Pofika 1932 magalimoto atsopano a nsalu anali osowa, ndipo fakitale ya ku Addlestone inatembenukira ku nchito yopanga mabasi.

NSALU YA THONJE NDI MAFUTA A NSATSI

Kuti munthu amvetse bvuto la kusankha, ayenera kudziwa kuti nsalu yoyambayo inali yotani. Ku England inali kudziwika kwambiri ndi dzina lakuti Rexine, ndipo inali kupangidwa ku Hyde pafupi ndi Manchester. Ku America kunali ina yofanana nayo yochedwa Zapon, ndi ina ya kampani ya DuPont yochedwa Fabrikoid. Zonsezi pansi pace zinali nsalu ya thonje yoombedwa molimba. Pamwamba anali kupakapo phala lochedwa nitrocellulose, limene nalonso licokera ku thonje lonyikidwa mu asidi, losanganizidwa ndi utoto ndi mafuta ofewetsa. Mwa mafuta amene anali kusewenzetsedwa pa nsalu za mtundu umenewu munali mafuta a nsatsi, zomwezi zimene zimera zokha m'mabwinja. Phalali linali kupakidwa kangapo, lina likauma napakanso lina, ndipo potsiriza nsalu inali kupyola pakati pa zitsulo zozungulira zimene zinali kudinda timizere tonga ta cikopa. Nsalu yomweyi inali kukutira mabuku ndi mipando, kotero amene anagwirapo buku lakale la cikuto cakuda colimba angakhale kuti anaikhudzapo osadziwa.

Ubwino wace unali wakuti inali yopyapyala, yopepuka ndi yosatamuka kwambiri. Ikakungidwa inali kukhala nga-nga-nga, ndipo makona a galimoto anali kuoneka akuthwa bwino. Inalinso kulandira utoto, kotero mwini galimoto anali kutha kuitsitsimutsa ikazimirira. Kuipa kwace kunali kuwiri. Mafuta ofewetsa aja anali kucoka pang'ono-pang'ono ndi dzuwa, phala lija n'kuuma ndi kuyamba ming'alu imene madzi anali kulowerapo. Caciwiri, nitrocellulose iyaka msanga ikakumana ndi moto.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale anatembenukira ku pulasitiki ya PVC, imene iri yochipa ndi yolimba, ndipo nsalu ya mtundu wakale inayamba kusowa mpaka inaleka kupezeka m'masitolo. Amisiri okonza magalimoto akale anakhala zaka zambiri akusewenzetsa cimene cinalipo.

ZIMENE MMISIRI ASANKHAPO

Anthu ambiri akamva kuti nsalu yakale inali kuyerekezera cikopa, aganiza kuti cikopa ceni-ceni ca ng'ombe ndico cingapose zonse. Amisiri odziwa sabvomereza. Cikopa cimwa madzi, citamuka cikanyowa ndipo cikwinyika cikauma, monga adziwira aliyense wokunga ng'oma amene aiotha pa moto gule asanayambe. Ng'oma yokhwefuka aiotha n'kumvekanso, koma galimoto siingaothedwe m'mawa uliwonse. Ndiponso cikopa ca ng'ombe imodzi sicikwanira mbali yonse ya galimoto yaikulu, kotero pafunika misoko yambiri, ndipo msoko uliwonse ndi khomo la madzi. Cikopa malo ace ndi pa mipando.

Nsalu ya tenti nayonso siyenera. Igwira bwino pa denga lopinda la galimoto yapululu, koma pa thupi igwira fumbi, izimirira, ndipo siifanana konse ndi maonekedwe a poyamba.

Cimene ambiri asankha ndi nsalu ya PVC, ndipo yodziwika kwambiri ku Britain ndi yochedwa Everflex, imene inachuka pokutira madenga a magalimoto monga Rolls-Royce. PVC siilowa madzi, siing'aluka msanga, itsukika ndi sopo, ndipo mtengo wace munthu wamba angaukwanitse. Kwa mwini wa kagalimoto ka Austin Seven amene afuna kukayendetsa m'mvula ya ku England sabata iriyonse, kusankha PVC si kulakwa.

Koma apa ndi pamene ambiri aphonya, cifukwa nsalu za PVC siziri za mtundu umodzi. Mmisiri wanzeru atembenuza nsalu ndi kuyang'ana kumbuyo kwace asanayang'ane kumaso. Ina kumbuyo kwace kuli ulusi wolukidwa ngati juzi. Imeneyi itamukira mbali zonse ndipo inapangidwira mipando. Ndi yokoma kugwira nayo nchito, pakuti izungulira makona popanda bvuto, koma ikakhala pa mbali ya galimoto padzuwa ifewa ndi kulendewera, ndipo matabwa a m'kati ayamba kuonekera ngati nthiti za ng'ombe yoonda ya m'malimwe. Ina kumbuyo kwace kuli ulusi woombedwa ngati wa thumba. Imeneyi ibvuta pobveka, ilemetsa manja, koma ikakungidwa isunga kukungika kwace. Ndiyo yoyenera thupi la galimoto.

Pali zinanso zimene PVC ilephera. Kawiri-kawiri ikhala yokhuthala kuposa Rexine, kotero popinda m'mphepete mwa zitseko iunjikana, ndipo citseko cimene cinali kutseka bwino ciyamba kukhula. Timizere tace tikhala tozama ndipo inyezimira mwa mtundu wa pulasitiki, mwakuti wodziwa aizindikira ali patali. Siigwirizana ndi utoto wamba, umene ukhoza kukhala wonata osauma bwino, cotero mtundu umene munthu wagula ndi womwewo adzakhala nao. Ngati galimoto inali yobiriwira mwa mtundu wina umene fakitale ya lero siipanga, mwini wace ayenera kungolandira woyandikira.

Cifukwa ca zimenezi, amisiri ena a ku England okonza magalimoto a Bentley anayambanso kupanga nsalu ya nitrocellulose mwa njira yakale, pang'ono-pang'ono ndi mwa mtundu umene mwini galimoto wafuna. Mu 2019 kampani ya Bentley inalengeza kuti idzapanga magalimoto 12 atsopano ofanana ndendende ndi galimoto ya mpikisano ya mu 1929 yochedwa Blower, imene anali kuyendetsa Sir Henry Birkin. Galimoto yoyamba yoyesera inatsirizidwa mu 2020. Cimango cace cinali ca mtengo wa ash, thupi lace linadya mamita 25 a Rexine, ndipo m'mipando munalowa makilogalamu 10 a ubweya wa akavalo. Kampani imene ikanatha kugula pulasitiki yabwino koposa inabwerera ku nsalu yosweka msanga, popeza ndi yokhayo imene ioneka ndi kukungika monga ya poyamba. Iriyonse ya magalimoto amenewo inagulidwa ndi ndalama zoposa mapaundi miliyoni imodzi, ndipo pa mtengo wotere mtengo wa nsalu sudetsa nkhawa. Kwa mwini wa MG yaing'ono nkhani iri ina. Nsalu yotereyi ndi yodula, ifuna kusungidwa m'nyumba, ndipo mabvuto ace akale, ming'alu ndi moto, akalipobe.

Motero funso loyamba kwa mwini galimoto ndi lakuti galimotoyo idzagwira nchito yanji. Yopita ku zionetsero kumene oweruza ayang'ana ciriconse, ndi yosowa kwambiri imene mtengo wace udalira kufanana ndi mmene inaturukira m'fakitale, iyenera nsalu ya mtundu wakale. Yoyenda maulendo atali-atali ndi kugona panja nthawi zina, PVC yoombedwa kumbuyo, yopyapyala ndi yosanyezimira, iisunga bwino.

ZA PANSI PA NSALU

Nsalu yabwino kopambana siingapulumutse cimango coola. Mmisiri akabvula nsalu yakale ayamba wabaya-baya matabwa ndi kacitsulo kosongoka, maka-maka pansi pa mazenera, m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pa mawilo a kumbuyo, pamene madzi akonda kukhala. Ayang'ananso timabowo ta tizirombo tofumbwa matabwa. Thabwa limene lakhomedwa misomali kawiri kapena katatu m'moyo wace likhala lodzaza mabowo, ndipo silingagwirenso msomali watsopano. Liyenera kusinthidwa kapena kutsekedwa mabowowo.

Pa thupi la Weymann pali cenjezo lapadera. Kalipentala wozolowera mipando ndi matebulo akaona kampata pakati pa matabwa aganiza kuti ndi cilema, ndipo dzanja lace lithamangira ku guluu. Akatero wapha nzeru yonse ya thupilo. Cimango cileka kugwedezeka mofanana, mphamvu yonse iunjikana pa malo amodzi, ndipo nsalu yatsopano iyamba makwinya kapena kung'ambika pomwepo. Pa cifukwa comweco nsalu ya pamwamba siimatidwa ku cimango ponse-ponse. Ikhomedwa m'mphepete, pakati niyandama pa thonje. Thupi la pulaiwudi longa la MG M-type ndi losiyana, pakuti pansi pali thabwa losalala kale ndipo pafunika thonje locepa cabe.

Thonjelo nalonso liri ndi mkangano wace. Thonje leni-leni ndilo linalimo poyamba, ndipo lipatsa thupi maonekedwe oyenera, koma likanyowa lisunga madzi masabata ambiri moyandikana ndi thabwa, mpaka cuku ndi kuola ziyamba. Ena aikamo thonje la poliyesitala limene silimwa madzi. Siponji ya m'mipando ndiyo ikanidwa ndi ambiri, cifukwa ifufuma mopyola, galimoto n'kuoneka yotupa ngati matilesi, ndipo pakapita zaka isanduka ufa. Misomali ya citsulo wamba icita dzimbiri, idetsa nsalu ndi kudya thabwa, kotero amisiri ambiri lero asewenzetsa yosacita dzimbiri, popeza ibisika ndipo palibe auona kusiyana kwace.

Asanagule nsalu, mmisiri apima mbali yaitali koposa ya thupi. Mipukutu ya nsalu zotere kawiri-kawiri ikhala ya mainchi 54 m'lifupi, ndipo misoko iyenera kugwera pamene inali poyamba, pansi pa timizere ta aluminiyamu. Nsalu yonse igulidwa pa nthawi imodzi, kucokera ku mpukutu umodzi, ndi ina yapadera yosungira tsiku la ngozi, pakuti mipukutu iwiri ya dzina limodzi ikhoza kusiyana mtundu pang'ono, ndipo kusiyanako kuonekera padzuwa.

Pobveka pafunika kutentha. Nsalu yokungidwa m'nyumba yozizira ioneka yolimba tsiku limenelo, koma dzuwa likaomba ifewa ndi kucita matumba. Cifukwa cace amisiri a ku maiko ozizira atenthetsa nyumba yogwiriramo nchito, kapena ayembekezera tsiku la dzuwa. Ayamba kukhoma pakati kupita m'mbali, misomali yongogwiriza, naisiya nsalu igone, m'mawa mwace naikunganso, kufikira makwinya onse atha. Pokhapo ndi pamene akhomereratu ndi kudula zotsala.

NGATI NSALU YAKALE IKALIPO

Magalimoto owerengeka akali ndi nsalu imene anaturuka nayo m'fakitale zaka zoposa 90 zapitazo. Kale eni ace anali kuisenda mosaganizira kawiri kuti galimoto ioneke yatsopano. Maganizo amenewo anasintha. Bungwe la dziko lonse loyang'anira magalimoto akale, lochedwa FIVA, linakhazikitsa mu 2013 malangizo ochedwa Charter of Turin, amene alimbikitsa kusunga zipangizo zoyambirira pamene kuli kotheka, kusewenzetsa zipangizo ndi njira za nthawi imene galimoto inapangidwa, ndi kulemba zonse zimene zasinthidwa. Nsalu ya mu 1929 ikasendedwa siibwereranso, ndipo ogula ena alipira ndalama zambiri pa galimoto ya nsalu yace-yace ya ming'alu kuposa yobvekedwa dzulo. Cotero ngati matabwa a pansi ali amoyo, amisiri ayesa kutsuka nsaluyo mosamala, kumata pong'ambika kucokera kumbuyo ndi kutseka ming'alu.

Pamene yaonongeka kotheratu, isanatayidwe igwira nchito ina yotsiriza. Zidutswa zace ziyalidwa pansi monga patani ya telala, kuonetsa pamene panali misoko ndi mmene mmisiri woyamba anapindira makona. Pansi pa timizere ta aluminiyamu ndi m'mphepete mwa zitseko, pamene dzuwa silinafikepo, papezeka kansalu kamene kakali ndi mtundu ndi timizere ta tsiku limene galimoto inaturuka m'fakitale. Kamene kaja mmisiri akadula bwino, napita nako kwa wogulitsa nsalu, ndipo akayerekeza ndi zatsopano panja padzuwa, osati pansi pa magetsi a m'sitolo. Akatha, akaika m'envulopu pamodzi ndi mapepala a galimotoyo, kuti amene adzaibveke ulendo wotsatira adzakapeze.